Mpando wa Kasturi m'Galimoto ya Dwarka

A Parmanand anakana tiyi. Munthu wobwera kudzacheza sakana tiyi wanga, ndiye nditangowaona akukankhira kapu pambali ndinadziwa kuti kwaipa. Iwowa ndi amalume ake a mnyamata amene ankafuna kukwatira Hemlata, mwana wa malemu achemwali anga, ndipo anali atachoka ku Chhatarpur kudzandipeza pamalo anga odyera ku Bamitha, pamphambano ya msewu wa ku Khajuraho.

"A Badri, ife sitikufuna mkangano," anatero, maso ali kumsewu. "Mtsikanayo tinamukonda. Koma tamva kuti maluwa a mayi ake sanafikebe ku Ganga. Akuti akungozungulira m'galimoto ngati tayala la sipeya."

Maluwa ndi mmene timatchulira timafupa ndi phulusa zotsala munthu akawotchedwa, zimene timakaponya mumtsinje wopatulika wa Ganga.

"Anthu amalankhula zambiri," ndinatero, chikhalirecho kamphika ka maluwawo ndinali nditakaona ndi maso angawa dzana lake.

"Kaya amalankhula zambiri, kaya zochepa. Mvula yatha, milungu yatsala pang'ono kudzuka, maukwati ayamba. Ikadzuka maluwawo asanalowe m'madzi, mwana wathu timupezera kwina. Sitingakatenge mkwatibwi panyumba pamene maliro sanathe."

Kwathu timati milungu imene timapembedza imagona tulo nyengo yonse ya mvula, ndipo maukwati sachitika mpaka tsiku loidzutsa. A Parmanand ananyamuka osatsanzika bwinobwino. Ine ndinatsala ndikutukwana alamu anga a Dwarka, poyamba chamumtima, kenako mokweza, mpaka galu amene amagona pansi pa benchi anadzuka n'kusamuka.

A Dwarka Kushwaha ndi dalaivala wa alendo, ndipo chiwadziwireni sindinawaonepo atakhala pansi n'kumaliza mbale ya chakudya. Amadya ataimirira, mwendo umodzi uli pabenchi, makiyi akuzungulira pachala, maso ali pa galimoto ngati wina aithawitsa. Bambo awo ankalima ndiwo zamasamba m'mbali mwa mtsinje wa Ken, koma iwo khasu linkawayabwa m'manja. Anathawira ku malole ndevu zisanamere, kenako anapeza galimoto yonyamula alendo, ndipo kuyambira pamenepo kunyumba kunasanduka kokasinthira malaya.

Palibe mtundu wa anthu umene sanaunyamule. Anyamula azungu odzaona ziboliboli zopanda manyazi zija za pa akachisi a ku Khajuraho, anthu ojambula chilichonse mpaka ng'ombe yogona pamsewu. Anyamula mabwana a m'tauni ofuna kuona kambuku wamizere ku nkhalango ya Panna, amene amakalipira dalaivala kambukuyo akapanda kutuluka. Anyamula amayi okalamba opita kukasamba ku Kashi, oimba nyimbo za Mulungu njira yonse uku akulimbirana mpando wa pawindo. Ndipo mimba ya aliyense amaidziwa. A ku Bengal amawaimitsa pamene pali nsomba, apo ayi adandaula mpaka mawa. A kummwera amafuna mpunga ndi chambiko. A chipembedzo cha Jain safuna kuona anyezi, komanso dzuwa likalowa sadya, ndiye amawathamangitsira kwa ine kusanade. Akabweretsa azungu amadzandinong'oneza kuti, "Mlamu, tsabola pang'ono, awa ali ndi matumbo a khanda."

Dziko lino alizungulira kuyambira kumapiri a chisanu mpaka kunyanja ya kummwera, koma musawafunse zimene anaona. Dalaivala salowa. Amatsitsa anthu pageti n'kukadikira. Mukawafunsa za nyumba yoyera ya ku Agra ija, akuuzani kuti poimika magalimoto palibe mthunzi ndipo anyani ake amathyola magalasi. Kambuku anaonapo mchira wokha ukulowa m'tchire. Ndinkawaseka kuti, "Alamu, inu mwayendera mageti onse a dziko lino." Iwo ankayankha kuti, "Nanga iwe waona chiyani, kuposa pansi pa poto?"

Chinthu chimodzi ankanyada nacho. Akaima paliponse, asanalize injini, amatembenuka n'kufunsa kuti, "Tonse tilimo?" Ngakhale atanyamula munthu mmodzi amafunsa ndithu. Ankati dalaivala wosiya munthu panjira ndi wofunika kumulanda makiyi n'kumupatsa ngolo ya ng'ombe, ndipo ankalumbira kuti iwo sanasiyepo ngakhale ambulera ya mlendo.

Achemwali anga a Kasturi ndiwo ankafuna kuona. Anakwatiwa ndi munthu woyenda dziko lonse, koma iwo kutali kwambiri kumene anafika ndi kumsika wa ku Chhatarpur. Amuna awo akabwera, asanavule n'komwe nsapato, mafunso anali atayamba. Nyanja imathera pati? Ngamila imagwada bwanji? N'zoona kuti ku Kashi amayatsa nyale n'kuziyandamitsa pamadzi? A Dwarka ankayankha za mageti zawo zomwezo, kwinaku akutulutsa timphatso: kabotolo ka madzi a Ganga, zigoba za kunyanja, maswiti a mkaka a ku Mathura.

"Abambo a Hemlata, tsiku lina mundinyamuleko," ankatero achemwali. Kwathu mwamuna ndi mkazi satchulana maina.

"Ulendo winawo, amake Hemlata. Uno ndadzaza."

Ali pa ganyu ankati mwini galimoto sangalole. Atagula yawo ankati ino ndi nyengo ya alendo. Nyengo ikatha ankati mwana ali pasukulu, ng'ombe itsala ndi ndani, matayala atha. Achemwali anasoka kachikwama kansalu n'kuikamo nsalu ya sari yatsopano, chipeso ndi nkhwaira zosavalapo, n'kukapachika pamsomali kuseri kwa chitseko, kuti tsikulo likadzafika asadzachedwetse munthu. Alamu kachikwamako kankawasowetsa mtendere. Anayamba kumanyamuka mbandakucha, n'kumaikankha galimoto ndi phewa mpaka kumsewu asanailize. Ankati safuna kudzutsa anthu, koma tonse tinkadziwa kuti akuthawa funso.

Musaganize kuti anali munthu wankhanza. Mkazi wawo ankawakonda, ndipo akaima paliponse ankaimba foni kufunsa kuti kwaphikidwa chiyani. Kungoti ankayesa kuti nthawi ilipo yambiri ngati msewu. Ine zinkandiwawa, ndipo ndinawauzapo kangapo, koma munthu amene amadya ataimirira umamuuza bwanji nkhani?

Achemwali anadwala malungo chaka chatha mvula itangotha, ndipo sanagone masiku ambiri. Alamu anali kuchipululu ndi azungu okwera ngamila. Anayendetsa osapuma, koma anangopeza nkhuni zowotchera mtembo zitaunjikidwa kale. Tsiku lachitatu tinakatola maluwa, n'kuwaika m'kamphika kadothi, n'kukamanga ndi nsalu yofiira. Kamphika kotero sikalowa m'nyumba, ndiye tinakapachika pa mkuyu wa kunja kwa geti lawo.

Wansembe anawalangiza monga amalangizira aliyense. Wonyamula maluwa amayenda ndi munthu, osati katundu. Ponyamuka umamuitana, potsika umamuuza, pokweranso umamuitana, powoloka mtsinje umamuuza kuti tikuwoloka. Ukapanda kumuitana amatsala pomwepo, iwe n'kukafika ku Ganga ndi phulusa lokha.

Ndinati ndiwaperekeze ku Prayag, kumene Ganga imakumana ndi mitsinje ina, koma anakana.

"Ndiwapititsa ndekha. Ulendo wawo uja ndi umenewu."

Anapita, anabwera. Tinachita phwando lotsiriza maliro, ndinaphika ndine, anthu anadya n'kubalalika. Palibe anafunsa kanthu, pakuti munthu wochokera ku Ganga umamufunsa chiyani?

Kuyambira pamenepo kusakhazikika kwawo kunafika posautsa. Ulendo uliwonse ankaulandira, ngakhale umene madalaivala anzawo aukana. Ankatsitsa alendo ku Orchha masana, madzulo ali kale panjira ya ku Kashi ndi ena. Anaonda mpaka kolala ya malaya inkawazungulira khosi. Hemlata ankakhala yekha panyumba ndi makina ake osokera, bambo ake n'kumangodutsa ngati mphepo. Mpando wakutsogolo anasiya kukhazikapo anthu, ankati unawonongeka, ndipo anaikapo dengu lovundikira ndi thaulo n'kulimanga lamba. Madalaivala odzadya kwa ine ankati a Dwarka ayamba kulankhula okha poimika magalimoto. Ine ndinkati ndi chisoni, chidzatha.

Zinaululika pakhomo panga penipeni. Ananyamula banja lina lopita kukachisi wa ku Maihar kukathokoza chifukwa cha mwana, ndipo anaima kwa ine kuti anthu adye. Mayi wina wa m'banjalo, wokonda kusuzumira za eni, anabwerera kugalimoto n'kuvundukula thaulo lija poganiza kuti muli zakudya. Kukuwa kwake kunamveka mpaka kutsidya kwa msewu.

"Maliro! Watikweza ndi maliro! Ife tikupita kukachisi ndi mwana, iye watiyendetsa ndi mafupa a munthu!"

Anatsitsa katundu wawo yense, n'kuyamba kuitanitsa madzi osamba. Amuna a m'banjalo anawazungulira alamu, zala zili m'maso. Madalaivala anasiya mbale zawo kudzaonerera. Alamu anavundikiranso dengu lija bwinobwino, n'kunena chapansipansi kuti, "Tiyeni, amake Hemlata," n'kuliza galimoto, ulendo. Pofika mawa lake nkhani inali m'kamwam'kamwa, ndipo sinachedwe kufika ku Chhatarpur kwa a Parmanand.

A Parmanand atandipatsa mawu awo aja, ndinayamba kuwasaka alamu. Foni anali atathimitsa. Ndinafunsa madalaivala a ku Kashi, anati anali kumeneko dzulo. Ndinafunsa a ku Panna, anati angochoka kumene. Ndinkapsereza mphodza, ndinkathira mchere kawiri, galimoto yoyera iliyonse ikaima ndinkatuluka ndi chipande m'manja. M'misika anali atayamba kale kugulitsa nzimbe za tsiku lodzutsa milungu, ndipo oimba malipenga a paukwati ankayeserera kuseri kwa sitolo ya matayala, ngati akundinyogodola dala.

Anatulukira okha tsiku lina masana, n'kuitanitsa chapati ngati palibe chachitika. Ndinawapatsa, ndipo atangotambasula dzanja ndinatsomphola makiyi pachala chawo n'kuwaponya m'thumba la ufa.

"Iwe Badri, wayamba misala?"

"Amisala ndi inu, alamu. Achemwali anga mwawasandutsa kondakitala? Chaka chathunthu! Mukudziwa kuti akuchimuna akufuna kumusiya Hemlata?"

Anasiya kutafuna. Zimenezo sanali kuzidziwa. Ndinawauza zonse zimene ananena a Parmanand, ndipo ndinaonjezera zanga.

"Mawa lomwe mupite ku Prayag. Mukakana ndikwera basi ndi kamphikako ndekha."

"Ukaponya chiyani? M'menemo mulibe munthu."

"Mukutanthauza chiyani?"

Anayang'ana uku ndi uku, kenako anandikokera kuseri, kumene ndimatsukira mapoto.

"Ndinafika ku Prayag, mlamu. Ndinakwera bwato, tinafika pakati penipeni. Wansembe wa m'bwatomo anandifunsa kuti, mwawaitana njira yonse? Ndinati eya. Ndiye ndinayamba kukumbukira. Pa mlatho wa Ken ndinawauza. Ku Satna ndinawaitana. Koma ku Rewa ndinaima kumwa tiyi, foni inalira, anali a ku ofesi ya alendo. Ndinalowa m'galimoto ndikulankhula, n'kunyamuka. Sindikukumbuka kuti ndinawaitana." Anapukuta nkhope ndi thaulo la m'khosi. "Ine Dwarka. Ndinasiya mkazi wanga panjira."

"Ndiye munatani?"

"Ndinamuuza wabwato kuti abwerere. Ndinathamangira ku Rewa, ndinatsegula chitseko, ndinawaitana. Sanakwere."

"Munkayembekeza kuti ayankha kuti ndabwera?"

"Usandiseke. Galimoto yanga ndimaidziwa. Mukalowa munthu, ngakhale mwana, ndimamva pachiwongolero. Ili yopepuka, mlamu, chaka chonsechi ili yopepuka." Anayamba kuyendayenda pakati pa mapoto. "Ndiye ndinaganiza kuti, munthu uja mmene ankafunira kuona dziko, atapezeka yekha pamsewu waukulu, angakhale pansi kudikira ine? Mwina anakwera ina. Ndiye paliponse ndikaima ndimaitana. Ku Kashi ndaitana, ku Orchha ndaitana, pageti la ku Panna ndaitana. Mpaka kunyanja ku Puri ndinakafika, ndinaimika galimoto moyang'ana madzi."

Ndinafuna kuseka, ndinafunanso kuwamenya ndi chipande. Ndinavuula makiyi mu ufa muja, ndinatseka malo anga dzuwa likadali pamutu, chinthu chimene sindichita ngakhale ndikudwala, n'kukhala kumpando wakumbuyo.

"Tiyeni ku Rewa. Tikaitana tonse awiri, mawu anga amawadziwa. Tikachoka apo, molunjika ku Prayag."

Tinagona panjira, ndipo m'mawa tinafika pa kasitolo ka tiyi kaja. Mwini wake atangoona galimoto anauza anthu ake kuti, "Abwera aja oitana mphepo." Alamu sanamumve n'komwe. Anatsika, anatsegula chitseko chakutsogolo, anaima chilili ngati akudikira bwana.

"Amake Hemlata, tiyeni. Galimoto ndi iyi."

Malole ankadutsa akuliza mahutala, fumbi lili koboo. Anthu omwa tiyi ankatiyang'ana. Nanenso ndinaitana, manyazi ndinawaika pambali. "Achemwali, ndine Badri, tiyeni, mwana akudikira." Tinaima pamenepo mpaka tiyi amene anatithirira anazizira. Kenako alamu anatseka chitseko, analowa, anagwira chiwongolero ndi manja awiri n'kumvetsera. Anapukusa mutu, n'kuikhotetsa galimoto kuloza kumene tinachokera.

"Alamu, Prayag ndi uko!"

"Sanakwere."

"Imani! Mwana akutaya banja chifukwa cha chiwongolero chanu?"

Tinakangana njira yonse. Ndinawatchula maina amene sindingawalembe pano. Pena ndinatambasula dzanja kuti ndilande dengu, iwo anaponda buleki mpaka ndinagunda mphuno pampando.

"Tenga," anatero. "Kaponye. Koma udzamuuze Hemlata kuti mayi ake tinawasiya pamsewu ngati galu, kuti iye akwatiwe."

Ndinabweza dzanja. Ndine munthu wa mapoto, za mizimu sindizitsata kwenikweni, koma amenewo anali achemwali anga, amene anandibereka kumsana. Mtima unali m'malere, ndipo sindinadziwe kuti ndikwiyire ndani.

Tinafika kwawo chakumadzulo. Galimoto anaisiya kunja pansi pa mkuyu, ndipo tinalowa pageti tikukanganabe. Hemlata anali pakhonde akusankha mphodza m'lichero. Ndi mtsikana wosalankhulalankhula, anatengera mayi ake nkhope, koma mtima ndi wake. Nkhani ya kamphika anaimva kwa anthu monga wina aliyense, ya a Parmanand anaimvanso kwa anthu. Sanatipatse moni. Anangomvetsera ife tikuponyerana Rewa, Rewa, kenako anaika lichero pansi.

"Amalume, ku Rewa kwatani?"

Ndinamufotokozera mwachidule, bambo ake akuyang'ana kumbali. Atamva anaseka, koma kuseka kwake kunandiopsa.

"Ndiye chaka chonsechi mukuwafuna ku Rewa? Ku Kashi? Kunyanja?"

"Mwana wanga, izi ndi za akuluakulu," anatero alamu.

"Ababa, tsiku lija ine ndinali nditaima pachitseko apa. Munadzuka kusanache. Munatsitsa kamphika pamtengo, munakaika pampando, munamanga lamba. Kenako munaikankha galimoto ndi phewa mpaka kumsewu, monga mwa masiku onse. Ndinadikira kuti muwaitane. Simunatsegule pakamwa."

Alamu anaima ngati awathira madzi ozizira.

"Ndinawauza pa mlatho wa Ken."

"Munauza mpando. Amayi sanachoke pano. Munawasiya mmene munkawasiyira nthawi zonse."

"Nanga bwanji sunanene?" ndinafunsa ine.

"Ndinene kwa ndani, amalume? Ndinkayesa anakaponya, zinatha. Ndipo munthu amene amalowa ndi mwendo umodzi, wina uli kumsewu, mumamuuza nthawi yanji? Anakhalapo pansi m'nyumba muno chimwalirire amayi? Dziko lonse afunsa, mpaka ogulitsa tiyi. Ine sanandifunse." Analoza kuchitseko. "Kachikwama kawo kakadali pamsomali. Kaoneni."

Alamu sanapite kukaona. Anangokhala pansi pa dothi pomwepo, pakati pa bwalo. Makiyi anagwa pachala, osawatola. Ine chiwadziwireni ndinali ndisanawaonepo atakhala chonchi, manja ali lende, osayang'ana kumsewu. Ndinawamvera chisoni chimene sindinawamverepo ngakhale tsiku la maliro. Hemlata anatola lichero lake n'kulowa m'nyumba, ndipo patapita nthawi anatuluka ndi mbale ya mpunga ndi mphodza n'kuwaikira patsogolo. Anadya atakhala, mpaka mbale inayera.

M'mawa sananyamuke mbandakucha. Anadikira dzuwa lituluke, anthu ayambe kusesa pakhomo, ana apite kusukulu. Anasamba, anavala malaya oyera, anatsegula geti lonse mbali ziwiri. Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kachikwama kansalu kaja, kali ndi fumbi pamwamba, anakakuntha ndi dzanja. Anaima pachitseko, akuyang'ana m'kati.

"Kasturi," anatero. Aka kanali koyamba kumva dzina la achemwali anga likutuluka pakamwa pawo. "Kasturi, tiye. Ulendo uja ndi uno."

Anayenda pang'onopang'ono mpaka pagalimoto, ngati munthu woperekeza wina, n'kutsegula chitseko chakutsogolo. Hemlata anatuluka atavala kale za paulendo, ngakhale palibe anamuuza kuti apita nawo. Anachotsa dengu, anakhala pampandopo n'kufukata kamphika pamiyendo. Ine ndinakhala kumbuyo ndi kachikwama. Alamu analowa, anagwira chiwongolero, anamvetsera, kenako anatembenuka.

"Tonse tilimo?"

"Tilimo, ababa."

Analiza injini pageti pomwepo, n'kuliza hutala mpaka anthu anatuluka m'nyumba.

Ulendo umenewo sanathamange. Pa mlatho wa Ken anachepetsa liwiro n'kunena kuti, "Tikuwoloka, Kasturi, taona madzi achepa chaka chino." Podutsa m'nkhalango ya Panna anawaonetsa achemwali agwape ndi pamene anaonera mchira wa kambuku. Ku Rewa tinamwa tiyi, ndipo pokwera tinaitana tonse atatu, mwini sitolo ali kukamwa yasa. Paliponse ankafotokoza, ndipo ndinadabwa kuti munthu wa mageti uja anali ataona zambiri ndithu.

Ku Prayag tinakwera bwato mpaka pamene madzi obiriwira amakumana ndi amatope. Mbalame zoyera zinkatizungulira kufuna chakudya. Wansembe anafunsa funso lake lija, ndipo alamu anayankha kuti eya, osagwetsa maso. Anamasula nsalu yofiira, Hemlata atagwira dzanja lawo, n'kukhuthula. Sizitenga nthawi zimenezi. Madzi anachita mbuu pang'ono, kenako anabwerera mwakale. Sari ya m'kachikwama ija Hemlata anapatsa mayi wina wopempha pagombe, koma chipeso anasunga.

Tili pamchenga pomwepo ndinawaimbira a Parmanand. Ndinati maluwa alowa m'madzi, akafuna umboni amve mabelu ndi phokoso la amabwato. Anati zili bwino, abwera kudzapangana tsiku, ndipo anafunsa ngati tiyi wanga uja akadalipo. Milungu inali isanadzuke.

Pobwerera kugalimoto wansembe anatikumbutsa lamulo lotsiriza, limene tonse timalidziwa. Pochoka ku Ganga suitana, ndipo sucheuka. Amene wamuperekeza wafika, umamusiya.

Tinalowa. Hemlata anakhala kutsogolo, manja ali pamiyendo popanda chogwira. Alamu anaika kiyi, ndipo khosi linatembenuka lokha monga lazolowera zaka zonsezi.

"Tonse ti..."

Anaima pomwepo, pakamwa pali potsegula. Ine ndinayang'ana pansi. Kunja anthu ankakankhana, wogulitsa mabotolo a madzi a Ganga ankagogoda pawindo, basi ya kumbuyo kwathu inkaliza hutala kuti tichoke.

"Ababa, yendetsani," anatero Hemlata.

"Mmodzi watsala," anatero alamu.

"Eya. Yendetsani."

Anapukuta m'maso ndi thaulo la m'khosi, analowetsa giya, ndipo tinanyamuka osacheuka.